Khitchini ya Apongozi Anga

Ku Manica ndinapita ndi nsapato zobwereka, ndinabwerako ndi mano ogwedera, komabe mpaka lero ndimathokoza kuti ndinapita. Anthu kuno ku Shikabeta akandimva ndikutero amaganiza kuti ndinakwirira golide penapake. Ndilibe golide ine. Ofuna kufukula pansi pa bedi langa abwere, andithandizeko kuthamangitsa makoswe.

Chaka chimene ndinachoka, mvula inadula chimanga chitangomasula ngayaye. Mwana wathu Masauso anali atangoyamba sukulu. Amake anandikazingira nshawa, nandiperekeza mpaka pamene njira yathu imakumana ndi ya ku Mpanshya. Sanalire. Anangoti, "Mukapeza kuti kulibe kanthu, mubwere. Manyazi sapha munthu." Ndinakwera lole ya ku Katete, kuchoka apo Chanida, kenako Tete, kumene dzuwa limawotcha ngati uli nalo mlandu. Ndinafika ku mapiri a Manica patapita masiku angapo, mapazi atatupa chifukwa mwini nsapato anali wamfupi kuposa ine.

Kumeneko kunalibe komboni ya kampani kapena kapitawo woimba belu. Kunali misasa ya mapulasitiki, maenje paliponse, ndi mtsinje wofiira ndi matope. Anthu ankalankhula Chishona ndi Chipwitikizi, ine osamvapo kanthu. Masiku awiri ndinangozungulira ngati nkhuku yachilendo. Tsiku lachitatu ndinamva munthu akutukwana mphika m'chilankhulo chathu. Anali bambo wamtali, wa ndevu zoyamba imvi, akulimbana ndi nyemba zokana kupsa. Ndinaima n'kumangomuyang'ana, misozi ili pafupi.

"Ukuyang'ana chiyani? Ndiwe wa kuti?" anandifunsa.

"Ku Zambia, bambo."

"Ndiye ku Zambia anthu amangoima nyemba zikupserera? Thira madzi apa."

Amenewo anali a Domingu, a ku Angonia. Anandilowetsa m'gulu lawo la anthu asanu ndi mmodzi, nandipatsa malo ogona pambali pawo. Ndikadwala malungo ankandiphikira phala. Ndikalandira uthenga wa kumudzi ankandikhalitsa pansi kuti ndiwafotokozere zonse, mpaka ankadziwa mbuzi zathu ngati anazionapo. Ndi iwo amene ankandiumiriza kutumiza ndalama kwathu ndisanadutse pa malo omwera mowa. Malata amene ali pa nyumba yangayi, theka ndi thukuta langa, theka ndi pakamwa pa a Domingu.

Ntchito yake ndiifotokoze, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Timakumba miyala m'dzenje, kuiphwanya ndi hamala, n'kuipera m'chigayo chopukusa ndi manja mpaka isanduke ufa. Ufawo timautsuka m'beseni. Golide wake ndi fumbi chabe, sungamutole ndi zala. Ndiye timathiramo mekyuli, madzi olemera onyezimira ngati siliva, amene ukawaika padzanja amagudubuzika timadontho osanyowetsa khungu. Mekyuliyo amagwira fumbi lonse la golide. Ukamufinya m'kansalu, mumatsala kambulunga kotuwa. Kambulungako umakaika pasupuni n'kukawotcha pamakala. Mekyuli amachoka, golide n'kutsala wachikasu. Kumene mekyuliyo amapita palibe ankafunsa. Tinkangoti wapsa.

Kuwotcha kunali ndi mwambo wake. Thukuta la anthu asanu ndi mmodzi la mlungu wonse limakhala pasupuni imodzi, kanthu kochepa kuposa nyemba. Munthu wa zala zopepuka atha kubenthulako ndi chikhadabo inu muli pomwepo. Tsono supuni inkaperekedwa kwa munthu wokhulupirika kuposa onse. Ankawotchera m'msasa, khomo lotseka theka, kuopa mphepo ndi maso a akuba. Enafe tinkanjuta pakhomo, iye ataweramira pamakala, akuuzira ndi pakamwa.

Kwa ife munthu ameneyo anali a Domingu, ndipo magulu enanso ankabwera kudzawapempha. Tsiku lina m'mawa anatidzutsa tonse, ataona kanjere ka golide katakodwa m'ndevu zawo. Kanali kochepa mwakuti tinachita kutsinzina diso limodzi kuti tikaone. Anakana kusamba kumaso mpaka aliyense atachitira umboni kuti akabweza. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma mumtima aliyense ankanyadira kuti ali m'gulu la munthu wotere.

Matenda awo anayamba pang'onopang'ono. Choyamba tiyi ankatayikira m'kapu. Kenako nkhama zinayamba kutuluka magazi, malovu osatha m'kamwa. Munthu woleza uja anasanduka wa mtima wapachala, kukalipira ngakhale mphepo, akatero n'kukhala payekha akuchita manyazi. Ankaiwala kumene aika hamala, tsiku lina anaiwala dzina la mwana wawo wamkazi ndipo analira ngati mwana. Ena anati awalodza a gulu la kutsidya chifukwa cha nsanje. Ena anati analowa m'dzenje ataphwanya mwambo. Tinapita nawo kwa sing'anga, anawatema mphini. Tinapita nawo kwa abusa, anawapempherera. Manja sanaleke kunjenjemera, mpaka supuni inayamba kugwedera pamoto. Gulu linagwirizana kuti ine ndiziwotcha m'malo mwawo. Ndisaname, ndinayenda chotukumula chifuwa mlungu wonse. Ndinawotcha nyengo ziwiri za mvula.

Ndiye kunabwera mayi wina wochokera ku sukulu ya zamigodi, tinkawatchula mayi Selesti. Anali aafupi, ovala majombo akulu, ndipo ankayenda ndi womasulira. Anatiuza kuti mekyuli sapsa ayi, amasanduka mpweya wosaoneka, munthu n'kuupuma, n'kukakhazikika m'mutu. Tinawamvera mwaulemu monga timamvera alendo onse, kudikira kuti mwina pamapeto agawa zipewa. Anationetsa paipi yachitsulo yopindika, yoti tiziikamo kambulunga, n'kutseka, n'kuika pamoto.

Mnzathu wina anafunsa kuti, "Golide akakhala m'kati mwa chitsulo, timuona bwanji?"

"Mumuona mukatsegula," anatero mayiwo.

Tonse tinaseka. Kutseka thukuta lathu m'chitsulo, maso osaona? Ngakhale a Domingu anapukusa mutu. Mapaipi amene anatisiyira, ena anawasandutsa zogwirira mahamala.

Ndinkaganiza kuti sadzabweranso, poti anthu ophunzira sakonda kusekedwa ndi anthu a matope. Koma patapita miyezi anatulukira, ulendo uno atanyamula ziwiya ngati akupita kukaphika pamaliro. Sanalalikire. Anakhala pamwala n'kunena kudzera mwa womasulira uja kuti, "Ulendo watha ndinabwera ndi yankho ndisanafunse funso. Munati mufuna kuona golide wanu. Lero mumuona."

Anatenga beseni lachitsulo loboola pakati, nakhazika kakapu kachitsulo pabowopo, nathira mchenga wonyowa kuzungulira. Kambulunga kathu anakaika m'kakapu, navundikira ndi mbale yagalasi, m'mphepete n'kutsekera ndi mchenga. Zonse anaziika pambaula, panja, kumene mphepo inkachokera kumsana kwathu. Tinazungulira, maso pa golide wathu, amene ankaoneka bwinobwino m'galasimo. Posakhalitsa galasi linachita chifunga chotuwa. Chifungacho chinasanduka timadontho tonyezimira, tikutsetsereka kugwera mumchenga. Zitazirala, mayiwo anasonkhanitsa timadonthoto ndi nthenga ya nkhuku, n'kutiika m'kabotolo. Anali mekyuli wathu yemwe uja, amene tinkati wapsa.

Palibe anaseka. A Domingu anatenga kabotoloko ndi manja awiri, nakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye zaka zonsezi zimenezi zimalowa mwa ine?"

Mayi Selesti anagwedeza mutu povomera.

"Zingatuluke?"

"Zina zimatuluka pang'onopang'ono mukasiya. Koma zimene zawonongeka kale, sindikulonjezani."

A Domingu anaseka kaseko kouma, natiyang'ana mmodzimmodzi. "Abale anga, mukanapatsa supuni wakuba. Ine ndikanakhala wakuba, bwenzi ndili bwino lero." Ine ndinalowa m'msasa chifukwa sindinafune kuti aone nkhope yanga. Tinawakonda munthu ameneyu, ndipo ndi chikondi chathucho tinkamuika pautsi mlungu uliwonse.

Musaganize kuti anthu anatengera mbale zija chifukwa choopa kudwala. Munthu wokumba golide amalowa m'dzenje loti lingamugwere nthawi iliyonse, ndiye ukamuuza za matenda obwera patapita zaka amangokuyang'ana. Chimene chinawakopa n'chakuti mekyuli anali wodula, ndipo m'mbalemo ankabwerera n'kugwiranso ntchito. Mayi Selesti ankadziwa zimenezo, ndipo sanakhumudwe nazo. Ndakhala ndikuganizira zimenezi zaka zambiri. Nzeru yawo inali yoona kuyambira tsiku la paipi lija, koma inayamba kugwira ntchito italemekeza mantha athu ndi matumba athu. Ku tchalitchi ndaona alaliki abwino akulephera pa chifukwa chomwechi.

A Domingu tinawakweza basi ya ku Angonia nyengo yokolola. Ndinawamangira mabatani a malaya poti zala zawo zinkalephera. Anandiuza kuti ndisachedwe ngati iwo, ndibwerere mwana wanga akadandidziwa. Sindinawamvere. Ndinakhalanso zaka zina, kunena kuti chaka chamawa, chaka chamawa. Uthenga wa imfa yawo unandipeza ndili m'dzenje, ndipo pa maliro sindinapite.

Nditabwerera kwathu kuti ndikhazikike, ndinapeza mudzi wandipitirira. Amake Masauso anali atazolowera kulamula okha, ndipo ndikafuna kunena za munda ankandimvetsera ngati akumvetsera wailesi. Masauso anali ndi ndevu, njinga yamoto, ndi mkazi. Minda yambiri inali thengo, chifukwa golide anali atapezeka m'mapiri a kwathu konkuno, anyamata onse ali kumeneko. Ine kupita mpaka Manica kukafuna chinthu chimene chinali kuseri kwa nyumba! Anzanga a m'mudzi sanachedwe kundiseka nazo.

Mkazi wa Masauso dzina lake Esinati, wa m'banja la Asoli a kufupi ndi Mpanshya, mwana wa mphunzitsi wa katekisimu. Kwa ine anali apongozi, ndipo ife a kum'mawa upongozi timausunga. Sitinkayang'anana m'maso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire n'kugwada, ine n'kuwomba m'manja ndikuyang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza amake Masauso, ine chimodzimodzi. Khitchini yawo inali tsidya la bwalo, moyang'anana ndi khonde langa, koma kwa ine inali ngati dziko lina lopanda chiphaso. Mwambo umenewu sindiunyoza. Umasunga ulemu pamudzi, ndipo ndinkaukonda. Nthawi imene ndinafikayo apongoziwo anali ndi pakati pa miyezi ngati inayi, mwana wawo woyamba.

Loweruka loyamba masana ndinali pakhonde ndikusema mpini. Ndinaona Masauso ndi anzake anayi atanjuta pakhomo la khitchini ija, chitseko chili chotseka theka. Kanjutidwe kameneko ndinakadziwa ndisanaganize n'komwe. Kenako ndinamva munthu akuuzira makala m'katimo. Mpini unagwa m'manja mwanga.

Madzulo ake ndinaitana Masauso. "Ndani amawotcha golide wanu?"

"Ni amake nyumba, ba tate. Bonse tinagwirizana. Aja sangabe olo ka nsawa kamodzi. Na magulu ena amabwela kuli beve."

Ananena za mkazi wakeyo monyada, monga mmene ife tinkanenera za a Domingu. Ndinamufotokozera zonse, za utsi wosaoneka, za manja, za nkhama. Ndinamuuza zimene mayi Selesti anatichenjeza, kuti mayi woyembekezera akapuma mpweya umenewu umafika kwa mwana m'mimba. Iye ankangosewera ndi makiyi a njinga.

"Ba tate, bonse amachita so. Kulibe amene anafa. Manje mufuna nipase ndani supuni, munzanga uja ba Jimi? Aja angagulise na supuni yamene. Imwe mwabwela na vinthu va ku Mozambique."

Ndinamuonetsa mano anga ogwedera. Anati ndi ukalamba.

Ndinatembenukira kwa amake Masauso. Ndinawapempha kuti akauze apongozi kuti asiye, utsiwo ndi poizoni, ungapweteke mwana. Iwo anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Atate ake Masauso, mufuna ndikauze mwana wa eni kuti mimba yake ili pangozi? Mawu otere satchulidwa kwa munthu wapakati. Chikachitika china adzati tinalosera ndife." Ndinaumirira mpaka anavomera. Koma uthenga ukamadutsa m'kamwa mwa anthu aulemu umafika utasenda minga yonse. Ndinamva pambuyo pake kuti anakangonena kuti, "Apongozi anu akuti muzitsegulako chitseko, utsi ungakutsokomoletseni." Apongozi anabweza zikomo, nanditumizira mbatata yowotcha.

Mlungu umenewo sindinadye bwino. Ndinkadziuza kuti ndachita mbali yanga, ndanena kwa mwamuna wake, ndanena kwa apongozi ake aakazi, kwatsala chiyani? Munthu wobwera dzulo, amene anasiya mwana ali ndi kabudula wong'ambika, angalamule chiyani pamudzi? Ndinkaopanso kusekedwa, ndisabise. Mwamuna wamkulu wolowa m'khitchini ya mkazi wa mwana wake, nkhani yake imafika ku Chinyunyu dzuwa lisanalowe.

Loweruka linafika. Anyamata aja anabwera, ulendo uno ndi a gulu lina, timbulunga titatu. Ananjuta. Chitseko chinali chotsegulako pang'ono, monga mwa uthenga uja. Ndinakhala pakhonde manja ali m'khwapa. Ndinamva kuuzira koyamba. Ndinamva kwachiwiri, kenako kutsokomola. Za kudzuka sindikumbukira. Ndimangokumbukira ndikudumpha miyendo ya anyamata, mdima wa m'khitchini, ndi apongozi anga atagwada, nkhope ili pafupi ndi makala, mimba itagunda maondo. Ndinawagwira pamkono n'kuwalanda supuni. Ndinatuluka nayo n'kukaiika pansi kutali, ku mphepete kwa bwalo.

"Tulukani, mama! Tulukani m'menemo!" Awa ndi mawu oyamba amene ndinalankhula nawo chikwatiwire chawo, ndipo ndinachita kukuwa.

Anatuluka atadziphimba kumaso ndi chitenje, akulira, nathamangira kuseri kwa nyumba. Anyamata anathamangira supuni. Masauso anaima patsogolo panga ndi ukali, ndipo ndinaona kuti ndikanakhala munthu wina akanandimenya. Amake anakhala pansi pabwalo manja kumutu. M'mawa mwake apongozi ananyamula kachikwama n'kupita kwa makolo awo.

Patapita masiku anayi anabwera nawo amayi awo ndi amalume awo, bambo wodekha wovala jekete ngakhale kunali kotentha. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Apongozi anakhala kumbuyo kwa amayi awo, atafulatira. Amalumewo analankhula nthawi yaitali, kuti iwo anapereka mwana kwa anthu a mwambo, sanadziwe kuti kuyenda maiko kumachotsa munthu nzeru. Sindinawadule. Atamaliza ndinawomba m'manja.

"Ndalakwa, ndipo chimene munganene ndilipira. Koma ndipempha chinthu chimodzi. Musamve mawu anga, poti mawu anga alephera kale kawiri. Ndiloleni ndikuonetseni."

Beseni ndinali nditaliboola kale, kakapu ndi mchenga zili pafupi. Chimene chinkasowa ndi mbale yagalasi, ndipo m'mudzi monse inalipo imodzi, ya amake Masauso. Anaigula ku Lusaka ndi ndalama zoyamba zimene ndinatumiza, ndipo inkakhala m'kabati, yosadyeramo ngakhale abusa. Nditaipempha pamaso pa alendo sakanakana, koma diso limene anandiponyera ndimalimvabe kumsana. Masauso anatulutsa kambulunga kamodzi monyinyirika, atauzidwa ndi amalume aja.

Ndinayatsa mbaula kumunsi kwa mphepo. Manja anga ankagwedera potsekera mchenga, pang'ono chifukwa cha mantha, pang'ono chifukwa cha nyengo ziwiri zija. Ndinkapemphera kuti galasi lisasweke. Anthu anasendera. Kwa kanthawi sipanaoneke kanthu, ndipo ndinamva mnyamata wina akuseka. Kenako chifunga chija chinabwera, timadontho n'kuyamba kutsetsereka. Titadikira kuti zizirale, ndinasonkhanitsa ndi nthenga n'kuika m'kabotolo, n'kupereka kwa amalume.

"Uyu ndi mekyuli amene mumati wapsa. Akapanda kugwidwa ndi galasi, amalowa m'mphuno mwa amene ali pafupi ndi supuni."

Kabotolo kanayenda m'manja mwa onse. Masauso anakagwira nthawi yaitali kuposa ena, osakweza mutu. Amayi a apongozi anakapereka kumbuyo kwawo osatembenuka. Kenako ndinamva mawu otsika, akulankhula kwa amayi awo monga mwa mwambo, koma mokweza kuti ndimve.

"Amama, afunseni. Mwana ali bwino?"

Ndikanapereka malata onse a pa nyumba yanga kuti ndiyankhe kuti inde. Ndinayang'ana pansi n'kuuza amayi awowo kuti, "Auzeni kuti sindidziwa. Auzeni kuti kuyambira lero sipalowanso mekyuli wina."

Amalume anakonza jekete lawo. "Ba shikulu, kulakwa mwalakwa ndithu. Nkhuku yoyera mupereka." Kenako anawonjezera motsitsa mawu, "Manje mbale yamene iyi, igulisiwa kuti? Nili na bana babili ku mapiri."

Nkhuku ndinapereka. Ndinawonjezera chimene sanapemphe, khitchini yatsopano, chifukwa mayi Selesti anatiuza kuti mekyuli amakakamira m'makoma ndi m'mwaye wa kudenga, n'kumatuluka pang'onopang'ono moto ukayaka. Ndinaumba njerwa ndekha. Tsiku lachitatu Masauso anabwera n'kuyamba kuponda dothi. Khitchini yakale tinaitseka, mapoto ndi supuni za m'menemo tinakwirira kutali ndi chitsime. Kuwotcha kunasamukira kunja kwa mudzi, ndipo supuni inatha ntchito m'gulu la mwana wanga. Si onse anatsatira. Ena mpaka lero amawotchera m'nyumba, ndipo ndikadutsa amanditcha a Mbale. Ndimayankha, poti dzina loipa ndi la wakuba.

Ku chipatala cha Mpanshya anamwino anayeza apongozi, nati mtima wa mwana ukugunda bwino, zina zidzaoneka akamakula. Anabadwa mtsikana nthawi ya dzinja, tinamutcha Taonga. Anali ndi zala zonse, analira mwamphamvu, anthu analulutira. Ine ndinasangalala ndi theka la mtima. Ndinkadziwa kuti chimene ndikuopa sichioneka pa tsiku lobadwa.

Ndinakhala mlonda wa mwana ameneyu kuchokera pakhonde langa. Upongozi unabwerera m'malo mwake, ine uku, iwo uko, mauthenga kudzera mwa amake Masauso. Koma ndinazindikira kuti apongozi ankayala mphasa ya mwana pamalo pamene ndingamuone bwino. Ndinkaomba m'manja kuti ndione ngati atembenuka. Anatembenuka. Ndinkayang'ana ngati maso ake akutsata nkhuku. Ankatsata. Anakhala pansi pa nthawi yake, anakwawa mochedwerako. Ndiye chaka chinakwana, osaima. Anzake obadwa mwezi umodzi anayamba kuyenda, kenako kuthamanga, iye akungokwawa. Miyezi inapita. Amake Masauso ankati ana ena ndi aulesi chabe, Masauso nayenso anachedwa. Sindinawakhulupirire, ndipo sindinkadziwa ngati n'zoona poti nthawi imeneyo n'kuti ndili wotanganidwa ndi njala. Usiku ndi usana ndinkawerenga Loweruka lija limene ndinakhala pakhonde ndikusema mpini, ndi mlungu wonse umene ndinataya chifukwa cha manyazi. Apongozi anaonda. Sitinkalankhulana, koma tinkadziwa kuti tikuopa chinthu chimodzi.

Linali tsiku wamba, m'mawa, anthu atapita kumunda ndi kumapiri. Ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa chophika. Apongozi ankapeta mphale pakhomo la khitchini yatsopano, mwana atagwira chitenje chawo. Taonga anaona chinangwa changa. Anatambasula dzanja n'kulira. Ndinachikweza m'mwamba kuti achione bwino, osaganiza kanthu. Anasiya chitenje. Anaima payekha, miyendo tang'a, akugwedera. Lichero linaleka kulira.

Anaponya phazi limodzi, kenako lina. Pakati pa bwalo anagwa chokhala, ndipo ndinaona apongozi akufuna kudzuka, koma anadzigwira. Mwanayo anayang'ana chinangwa, nakwiya, nagwira pansi ndi manja, nadzukanso. Anabwera akudzandira mpaka anadzagwera pa maondo anga, nalanda chinangwa chonse, osati kachidutswa kamene ndinamukonzera.

Ndinalira mokweza, mwamuna wamkulu, mamina ndi misozi. Pamudzi panalibe amake Masauso woti atinyamulire mawu. Apongozi anaika lichero pansi, nagwada komweko tsidya la bwalo, nandiyang'ana m'maso.

"Atate," anatero, "mwamuona?"

"Ndamuona, mama. Ndamuona."